Mwana wathu akanyozedwa ku yunivesite, akadandaule kuti?

 Sabata yatha titamvera nkhani za kunja, amayi ena anandifunsa kuti, "Kodi za Ayuda m'mayunivesite a ku Ulaya zikutikhudza chiyani ife a ku Tete?" Ndinalonjeza kuti ndiyankha lero, ndiye ndiyambire m'nyumba mwanga momwe.

Ine ndine malume wa mtsikana wina amene anakhoza mayeso n'kupita kukaphunzira kummwera kwa dziko lathu lino. Tinagulitsa mbuzi kuti apeze ya ulendo ndi ya nyumba. Atafika kumeneko anzake anayamba kumuitana kuti xingondo, dzina limene inu nonse mukulidziwa, lonyozera ife a pakati ndi kumpoto. Akati ayankhe funso m'kalasi, amamuseka mmene amatchulira Chipwitikizi. Ikafika ntchito ya m'magulu, palibe womufuna. Atakadandaula kwa akuluakulu, anamuuza kuti ndi nthabwala chabe, azolowera. Chaka chachiwiri chisanathe anabwerako, ndipo lero akugulitsa tomato. Mbuzi zija zinapita, pepala palibe.

Ndiye ndikamva za ophunzira a Chiyuda, ine sindimva ngati za kutali. Iwowa tsankho la pa sukulu analiona kalekale, ndipo poyamba lamulo lenilenilo ndi limene linkawatsekera khomo. Mu 1920 dziko la Hungary linakhazikitsa lamulo loti Ayuda asapose 6 pa ophunzira 100 alionse. Mu April 1933 boma la Hitler ku Germany linachepetsa malo awo kufika posakwana 2 pa 100 alionse olowa kumene. Ku Poland, mu 1937, boma linalola mayunivesite kuika mabenchi apadera a Ayuda, ndipo ambiri anakana kukhalapo, n'kumaphunzira chiimirire. Taonani, zinayamba ndi benchi. Pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa.

Masiku ano nkhaniyi inabukanso pambuyo pa 7 October 2023, pamene gulu la Hamas linaukira Israel ndipo nkhondo ya ku Gaza inayamba. Mu February 2024 mumzinda wa Berlin wophunzira wa Chiyuda wa pa Freie Universität anamenyedwa ndi wophunzira mnzake mpaka kugonekedwa m'chipatala. Anthu atafunsa chifukwa chake womenyayo sakuchotsedwa sukulu, akuluakulu anayankha kuti lamulo la mzindawo limangowalola kumuletsa kufika pa sukulu kwa miyezi itatu basi. Mu July chaka chomwecho aphungu a ku Berlin anasintha lamulolo kuti wochita nkhanza zotere azitha kuchotsedwa.

Ku America njira yawo ndi ya ndalama. Lamulo lawo la 1964 limaletsa tsankho la khungu ndi la mtundu pa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma, ndipo mu December 2019 pulezidenti Donald Trump analamula kuti lizigwiritsidwanso ntchito poteteza ophunzira a Chiyuda. Sukulu yonyalanyaza madandaulo ikhoza kufufuzidwa, ngakhale kulandidwa ndalamazo.

Tsono pali pamene anthu akukanganirana, ndipo sindikubisirani. Ena akuopa kuti malamulo otere angatseke pakamwa ophunzira odzudzula boma la Israel chifukwa cha anthu a ku Palestine amene afera ku Gaza. Mantha amenewa ndi omveka. Maganizo anga ndi akuti lamulo labwino lisiyanitse zinthu ziwiri. Kudzudzula boma ndi ufulu wa munthu aliyense, monga mmene ifenso timadzudzulira lathu pa wailesi. Koma kumenya mnzako wa m'kalasi, kumutsekereza pakhomo kapena kumutukwana chifukwa anabadwa Myuda, umenewo ndi mlandu. Mwana uja sindiye walamula asilikali. Ndipo wophunzira wa Chisilamu kapena wa ku Palestine ayenera kutetezedwa chimodzimodzi.

Tisaiwalenso kuti Ayuda ena anakhetsa magazi m'dziko lathu lino polimbana ndi tsankho limene ankachitiridwa anthu akuda. Mayi Ruth First, wa ku South Africa, ankagwira ntchito pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo pa 17 August 1982 anafera mu ofesi yake ndi bomba limene apolisi a boma la azungu anatumiza m'kalata. Mu April 1988 loya Albie Sachs anaduka mkono ku Maputo komweko ndi bomba la m'galimoto. Sanawafune chifukwa cha Chiyuda chawo ayi, koma chifukwa anakana kuti munthu aziyesedwa ndi khungu lake.

Nanga ife tili ndi chiyani m'manja? Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a mu 2004, pa ndime 35, akuti nzika zonse n'zofanana posatengera khungu, mtundu, chipembedzo kapena kumene munthu anabadwira. Ndime 39 ikuti wochita tsankho lotere alangidwe motsata lamulo. Mawu ake ndi abwino zedi. Koma mwana wa mchemwali wanga sanawadziwe, inenso malume wake sindinkawadziwa. Phunziro la ku Berlin ndi lomweli: lamulo likangokhala m'buku, osafika m'kalasi ndi kumene ana amagona, mwana amalongedza katundu n'kubwerera kwawo.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, makolo, mwana akamapita ku yunivesite, kaya ndi konkuno ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo, mufunseni ngati akudziwa ofesi yolandira madandaulo. Chachiwiri, akanyozedwa alembe tsiku, malo, mawu amene anenedwa ndi amene analipo, dandaulo lipite m'kalata ndipo asunge kope lake. Za pakamwa zimauluka. Akapanda kumuyankha, ofesi ya IPAJ imathandiza pa za malamulo anthu osowa ndalama ya loya. Chachitatu, kalabu yathu ilembere wailesi kuti aitane akuluakulu a masukulu a ukachenjede a muno mu Tete, adzatiuze poyera chilango chimene amapereka kwa wonyoza mnzake chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena chialubino.

Ndipo tidzifunse ifenso. Ana ochokera ku Niassa, ku Nampula ngakhale kummwera komweko amachita lendi m'nyumba zathu. Timawatcha mayina otani akapotoloka? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

 Amene ali ndi funso afunse.