Digiri ya sayansi imayambira ku Fomu 3: zomwe zinalankhulidwa kwa atsikana pa Chinamwali

Kuchoka pano pa Chinamwali kukafika ku Chirunga ndi ulendo wapansi, koma ambirife njira ya ku yunivesite imatitsekekera ku Fomu 3, tsiku losankha maphunziro.

Tamverani. Kuti musankhidwe kudzera ku NCHE kupita ku University of Malawi, ija tinkaitcha Chanco mpaka 2021, pamafunika makirediti 6 a MSCE, limodzi likhale la Chingerezi. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti. Giredi 7 kapena 8 mwakhoza inde, koma siwerengedwa pa makirediti aja. Pa digiri ya sayansi amayang'ananso Masamu ndi maphunziro ngati Biology, Physics ndi Chemistry. Ndiye wina akakuuzani kuti Physics si ya atsikana, musamumvere. Mukaisiya lero, mapulogalamu ambiri a sayansi simudzawalembera.

Mukalowa, ndi zaka 4, masemesita awiri pachaka. Ma assignment, ma practical a mu labu ndi mayeso a pakati pa semesita zonse zimalowa m'giredi yanu, choncho musadikire mayeso omaliza. Mukalephera makosi ambiri amakuchotsani, kuwididwa kuja.

Fizi ikavuta, lemberani ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nthawi isanathe. Zofunika pa pulogalamu iliyonse muziwerenge nokha m'chidziwitso cha NCHE cha chaka chimenecho.

Muli ndi mng'ono wanu ku Fomu 2? Mukamuuze zimenezi asanasankhe.