KASAMALIDWE KA NSAPATO ZA CIKOPA

Atatha a Msungacuma kuwerenga za ndalama za Bungwe, a Wapampando anaitana bambo wina wacikulire, mmisiri wosoka nsapato wa pa Boma pa Ncheu, kuti alankhule kwa mamembala. Mau ao alembedwa pano mwacidule monga momwe msonkhano unapempha.

Bambowo anayamba ndi kunena kuti mwa nsapato zimene anthu amabwera nazo pa khonde pao, zambiri sizinaphedwe ndi ulendo ai, koma ndi moto. Munthu acokera ku Tsangano kapena ku Lizulu m'mwezi wa January, mvula nimpeza pa njira, nafika kwao nsapato zitanyowa ndi kudzala matope. Tsono pofuna kuzibvalanso m'mawa ku nchito kapena ku chalichi, aziika pambali pa mbaula. Kukaca azipeza zili gwa. Pakupita masabata owerengeka ziyamba kung'aluka pamene phazi limapinda, ndipo malo amenewo palibe mmisiri angathe kusokapo.

Cifukwa cace anacifotokoza motere. Cikopa ndi khungu la nyama, ndipo cimakhala cofewa cifukwa ca mafuta amene ofufuta zikopa amalowetsamo. Madzi akalowa amaturutsa ena mwa mafutawo, ndipo cikauma msanga ndi moto kapena ndi dzuwa lowawa, cimakhwinyata kotero kuti sicibwereranso mwakale. Anakumbutsa mamembala kuti nzeru imeneyi si yacilendo m'dziko la Angoni a kwa Gomani, pakuti makolo pofufuta cikopa ca ng'ombe kapena ca mbuzi anali kucipaka mafuta ndi kucifikisa ndi manja kufikira citafewa.

Nsapato zikanyowa, anatero, mwini wace amasule zingwe, apukute matope ndi kansaru, alowetsemo nyuzi zakale zambiri kuti zimwe madzi ndi kusunga maonekedwe a nsapato, naziike pamthunzi podutsa mphepo. Nyuzi zikanyowa asinthe. Masiku awiri akhoza kupita zisanaume bwino. Cifukwa ca ici munthu wokhala ndi nsapato zabwino zimodzi zokha ayenera kuyenda m'matope ndi za matayala, zacikopazo atanyamula m'thumba, nakazibvala atayandikira kumene apita. Mamembala ena anaseka pakumva izi, koma mmisiriyo anayankha kuti manyazi a pa njira amatha tsiku lomwelo, pamene mtengo wa nsapato zatsopano ungathe kulanda mwana yunifomu ya ku sukulu.

Za polishi sanacurutse mau. Polishi wa Kiwi, amene anayamba kupangidwa ku Melbourne m'dziko la Australia m'caka ca 1906, ali ndi phula limene limaletsa madzi kulowa. Koma pfumbi licotsedwe coyamba ndi burashi, makamaka la mwezi wa October ku cigwa ca Bwanje, pakuti likasakanizika ndi polishi limapala cikopa ngati mcenga. Apake pang'ono, adikire kuti alowerere, ndipo pambuyo pace awalitse ndi nsaru. Parafini ndi mafuta a galimoto anaziletsa kotheratu.

Anadandaulanso ndi anthu ocedwa kubwera ndi cidendene. Cikayamba kutha mbali imodzi, kuikapo mphira watsopano ndi nchito ya kanthawi kocepa, koma cikasiyidwa nsapato yonse imapendekeka, ndipo soli yomwe imafunika kusintha. Cimodzimodzi iwo amene amabvala osamasula zingwe, napondereza kumbuyo ngati patapata. Anachulanso amuna obwera ku Joni amene amatsekera nsapato zao m'sutukesi kudikira Krisimasi, nazipeza zitacita nkhungu.

Pa nthawi ya mafunso mphunzitsi wina anati kale munthu pogula nsapato m'sitolo ya Bata, kampani imene inatsegula fakitale yace ku Gweru m'caka ca 1939, anali kudziwa cimene wagula, koma pa kaunjika zacikopa ndi zapulasitiki zimaunjikidwa pamodzi. Anafunsa m'mene angazisiyanitsire. Mmisiriyo anayankha kuti ayang'ane m'mphepete mwa lilime la nsapato: cikopa ceniceni cimakhala ndi tiubweya kunsi kwace ndi pfungo lace lodziwika, pamene cinaco cimaonetsa nsaru yomatidwa. Anaonjeza kuti yense wokayika abwere nazo pa khonde pao adzamuonere, ndipo sadzalipira kanthu.