Sitima ya Ma Robert ndi Njira ya Amishoni



Pokumbukira zaka 100 za parishi ino, nkoyenera kukumbukiranso sitima ina imene inalephera ntchito yake pa mtsinje wa Zambezi.

Sitimayo inali Ma Robert, imene a Laird anaipanga ku Birkenhead, m'dziko la Mangalande, m'chaka cha 1858. Kutalika kwake kunali mafiti 75, ndipo inabwera m'zigawo zitatu zimene anazilumikiza pa mathiriro a Zambezi. Dzinalo ndi limene Amakololo ankaitanira mkazi wa David Livingstone, kutanthauza mayi wa Robert.

Nthawi imeneyo dziko la Makanga linali m'manja mwa banja la Pereira, ndipo minyanga ndi akapolo zinkatsikira ku Tete. Livingstone ankayembekeza kuti sitima zikayamba kunyamula thonje kupita kutsidya kwa nyanja, malonda ogulitsa anthu adzatha okha.

Ma Robert inafika ku Tete mu September 1858, koma inali yofooka ndithu. Inkadya nkhuni koopsa, kotero kuti anthu ankatha nthawi yaitali akudula mitengo kuposa imene sitimayo inkayenda. Zitsulo zake zinali zopyapyala. Dzimbiri linaziboola, madzi nkumalowa usiku ndi usana. Azungu eni ake anaitcha "yachifuwa cha mphumu" chifukwa cha kupuma kwake kwa befu. Pamene inafika pa mathithi a Cahora Bassa mu November, miyala inaitsekera njira. Malo omwewo ndiwo anamangapo damu lalikulu limene linatha mu 1974.

Atakanika kumeneko, Livingstone anaikhotetsera mu mtsinje wa Shire mu January 1859. Sitimayo inamira pa mchenga wa Zambezi mu December 1860, koma njira ya Shire inali itadziwika kale. Ilala inadzera momwemo mu 1875. Mu 1901 Abambo atatu a Montfort, Bourget, Prezeau ndi Winnen, analowera ku Chinde, nakwera Zambezi ndi Shire, mpaka anakafika ku Nzama pa 25 July, kufupi ndi malire a Tsangano. Ajezwiti a ku Boroma, amene anali pa Zambezi kuyambira m'zaka za m'ma 1880, anakwera mapiri pambuyo pake nakatsegula Lifidzi.