Magemu pa laputopu ya kalabu: tisafufute Ubuntu

(Zomwe mmodzi wa mamembala athu adayankhula pa msonkhano wa Loweruka kuno kwa Midzemba)

Ndaimirira pa nkhani ija ya laputopu yathu. Ena mwakhala mukunena kuti tifufute Ubuntu, tiikemo Windows kuti tizisewera magemu. Ine ndikukana. Kaundula wa mamembala ali mmenemo, mapepala a mayeso akale a MSCE omwe tinavutika nawo kusonkhanitsa alinso momwemo. Njira ina ilipo, ndipo ndaiyesa sabata yonseyi.

Pali pulogalamu yaulere yotchedwa VirtualBox, ya kampani ya Oracle. Imapanga kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni. Ubuntu amakhala mwini nyumba, Windows n'kukhala mlendo wopatsidwa chipinda chimodzi. Mlendoyo akagwidwa ndi vairasi, mumangofufuta chipinda chakecho, mafayilo athu ali bwinobwino.

Koma mlendo ndi mlendo basi, salowa kuchipinda kwa eni ake. Kachipangizo kojambula zithunzi, kaja timati graphics card, Windows wa mu VirtualBox sakaona. Amapatsidwa kongoyerekeza, ndiye chilichonse chomwe gemu ikufuna kujambula chimayamba chadzera kwa mwini nyumba. N'chifukwa chake tsiku loyamba gemu inkangoonetsa mdima kenako n'kuzitsekera yokha. Ndinakwiya, osanama.

Chinathandiza ndi ichi. Mu BIOS muyatse VT-x, kapena AMD-V ngati purosesa ndi ya AMD. Windows akalowa, ikani Guest Additions; ambiri amaiwala pamenepa, chonsecho madiraiva a zithunzi ali mmenemo. Mukatero zimitsani mlendoyo, pitani pa Settings, kenako Display, mukweze video memory kufika 128 MB ndipo muchonge Enable 3D Acceleration. Laputopu yathu ili ndi RAM ya 4 GB yokha, choncho mlendo musamupatse yoposa 2 GB. Ndinayesa kumupatsa 3 GB, makina onse anauma gwa.

Pali msampha wina womwe unandidyera madzulo awiri. Ndinkaganiza kuti Windows XP ndiye wabwino poti ngopepuka. Ayi ndithu. Kuyambira VirtualBox 6.1, yomwe inatuluka mu 2019, njira yakale ya 3D yomwe XP ankadalira inachotsedwa. Ndiye ndinaika Windows 7.

Zotsatira zake? GTA Vice City ikuseweredwa, ngakhale imadodoma galimoto zikachuluka pamsewu. Magemu akale ndi opepuka akuyenda. Koma achimwene amene mumafunsa za FIFA watsopano uja, iwalani. Ngakhale titafufuta Ubuntu lero lomwe, laputopu iyi singamukwanitse, ndiye musawononge bando yanu kumutsitsa. Ndalama imeneyo bola mugule manachesi tidye tonse.

Chomaliza ndi moto. Makompyuta awiri akamagwira ntchito m'bokosi limodzi, batire imatha msanga ndipo makina amatentha, makamaka ndi dzuwa lathu lino. Musaiike pa mphasa kapena pa bulangete, ikani pa tebulo kuti izipuma. Ndikupempha komiti kuti magemu azikhala Loweruka masana okha sola ikadzadza, ndipo wa Fomu 4 akafuna mapepala ake, wosewerayo azidzuka osanyinyirika. Amene akufuna kuona mmene ndachitira atsale tikamaliza, laputopu ndabwera nayo.