Lamulo Silitsala Pachipata cha Kampu

Bambo woyendetsa mwambo, amene mwatiimika ndi kutikhazika mwaluso chiyambire m'mawa, Bwana mkulu wa asilikali kuno ku Zomba, pamodzi ndi onse a nyota paphewa amene akuzungulirani, Bwanamkubwa wa boma lino, Gogo Chalo, eni nthaka imene tapondapoyi, ndi magulupu ndi nyakwawa zanu, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala, abusa, ansembe ndi mashehe, akuluakulu a polisi ndi a ndende, madokotala ndi anamwino, aphunzitsi aakulu, amene mwatibwereka bwalo la sukulu yanu, anzanga opuma pa ntchito, amene mawondo athu tsopano amalosera mvula, amayi ndi abambo amene muli pabanja ndi asilikali, amene mumadzutsidwa ndi lipenga losakuitanani, atolankhani, amayi amene mwakhala pa utsi chiyambire tambala woyamba, ndi inu ana amene mwakwera mumtengo wa mango uko, ndakuonani, gwiritsitsani nthambi. Ngati alipo amene ndamudumpha, mlanduwo aimbe ukalamba wanga, pakuti mtima wanga wapereka moni kwa nonse.

Pamene kalata yondiitana inandipeza, ndinadzifunsa kuti nkhalamba imene inavula jombo kalekale, imene pokwera khonde la nyumba yake imayamba yapangana ndi ndodo, ikanena chiyani pamaso pa anyamata ndi atsikana amene m'bandakucha wa lero akwera phiri la Zomba ndi kutsikanso akuimba. Koma ndinakumbukira funso limene ndinalimva ndili mnyamata, limene ndalimvanso posachedwa anyamata awiri akunong'onezana m'minibasi, osadziwa kuti mkulu wa chipewa amene wakhala kumbuyo kwawo anadyako nsima ya kukampu. Wina ankati: kodi PT, masewera olimbitsa thupi aja, akaiika kunja kwa kampu, kuphiri kapena kubwalo la sukulu, tsiku Loweruka, ine ndikukhala nyumba ya lendi ku Chinamwali kapena ku Matawale, ndili wokakamizidwa kupitako?

Yankho lake n'lalifupi, ngakhale ine ndilitalikitsa monga mwa mwambo wa okalamba. M'malamulo a usilikali, malo alionse amene mkulu wako walozapo chala, pa ola limene iye watchula, asanduka malo a ntchito, kaya ndi bwalo la perete losesedwa bwino, kaya ndi msewu wokhotakhota wa ku Kuchawe, kaya ndi mchenga wa ku Senga Bay umene anzathu a ku Salima amaudziwa ndi zidendene. Wosafikako popanda chilolezo wajomba ku ntchito, wofika dzina lake litaitanidwa kale wachedwa pa perete, wochoka gulu lisanamasulidwe wathawa pamzere, ndipo uliwonse wa milandu imeneyi uli ndi chilango chake. Wodwala sadzipatsa yekha tchuthi ali m'bulangete, koma amakaonekera kwa dokotala, amene ali ndi mphamvu yolemba kuti uyu apume, uyu agwire zopepuka. Ndipo amene ali ndi vuto la pakhomo limene waliona likubwera, apemphe kwa sajeni wake dzuwa lisanalowe, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ukaona kuti lamulolo lakupsinja, njira yodandaulira ilipo, yokwera makwerero kuyambira kwa kopolo. Koma umadandaula utathamanga kale, thukuta lili pamphumi.

Ndiulule tchimo langa, popeza abusa ali pompano. Ndili msilikali wamba, wopanda ngakhale mzere umodzi pamkono, anatitulutsa tsiku lina mwezi wa Okutobala pa ulendo wa miyendo, chikwama kumsana, ndipo pobwerera, malovu atauma m'kamwa, ndinaona ngolo ya ng'ombe ikulowa njira yachidule yopita kukampu. Woyesa uja, amene sasowa pa maulendo otere, anandinong'oneza kuti pa anthu ochuluka chonchi mmodzi sadziwika. Ndinatsalira ngati womanga chingwe cha jombo, n'kukwera ngolo ija, n'kufika woyamba, n'kusamba, n'kukhala phee. Sindinadziwe kuti sajeni amawerenga anthu ake pa mpumulo uliwonse. Ndipo iye atapeza kuti mmodzi wasowa, za ngolo sanaziganize n'komwe, anati mwana wa eni wakomoka ndi dzuwa m'tchire, nabweza gulu lonse, anthu otopa kale, kukandifunafuna m'mathengo ndi m'makwawa kufikira chisisira. Analowa anzanga aja, minga ili m'miyendo, nandipeza ndikutsuka mbale nditadya. Chilango cha m'mawa mwake chinali chopepuka poyerekeza ndi maso amene anandiyang'ana nawo usiku umenewo. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo mwezi wathunthu panalibe wondigawira fodya.

Tsono wina afunsa kuti, popeza kukampu kuli bwalo, n'chifukwa ninji kutitulutsa? Abusa andikonze ndikaphonya, koma ndikumbukira kuti Gideoni anali ndi amuna 32,000, ndipo amantha 22,000 atabwerera kwawo, otsala 10,000 aja anawatsitsira kumadzi, ndipo kumeneko, pa kamwedwe kokha, kunapezeka 300 oyenera nkhondo. M'misasa onse ankaoneka ofanana. Momwemonso pabwalo la perete, pamene nthaka ili see ndipo mpopi uli pafupi, aliyense ndi ngwazi. Koma pachitunda chachitatu cha phiri ili mkulu wa gulu amadziwa amene amatha madzi ake ulendo usanafike pakati, amene amabisa kupweteka kwa phazi, ndi amene amabwerera m'mbuyo kukasenza chikwama cha mnzake.

Makolo athu a Keyala, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, chaka chomwecho chimene Alexander Cobbe, mwini dzina la kampu ya kuno, anamenya nkhondo ku Erego m'dziko la Somaliland ali ndi asilikali ochokera kuno, anadziwika m'maiko ndi miyendo yawo. Pa nkhondo ya Chiwaya, imene inatifika ku Karonga mu Sepitembala 1914, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, amene anayenda pansi m'dziko limene lero ndi Tanzania ndi m'Mozambique, kulondola von Lettow-Vorbeck, kufikira iye anatula zida ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, mu Novembala 1918. Ndipo ambiri amene sanabwerere anamalizidwa ndi njala, matenda ndi kutopa, chipolopolo chisanawaone. Chipilala chawo chili pomwepa, mumachidutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika. Ana awo mu 1944 anaponda matope a chigwa cha Kabaw ku Burma, mvula ili pamutu, kulinga ku mtsinje wa Chindwin. Ngakhale malipenga amene abale athu a kunyanja amavina atavala zoyera, ndi perete amene anatuluka pachipata, nakakhazikika kumudzi, osabwereranso.

Za kale zikhale apo, pakuti wina anganene kuti masiku ano kuli magalimoto ndi ndege. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, milatho itakokoloka ndi misewu itaduka, magalimoto aja anaima pamene msewu unathera, ndipo kuchokera pamenepo anali mapazi, makasu ndi mapewa a asilikali, kukumba m'matope ndi kusenza amoyo ndi akufa omwe. Ndipo mu Novembala 2018, m'nkhalango za kufupi ndi Beni ku Congo, kumene tinataya ana athu 6, msilikali Chancy Chitete anaona mnzake wa ku Tanzania atavulala, namukokera pobisalika zipolopolo zikugwa, nataya moyo wake pomuteteza, mnzakeyo n'kupulumuka. Ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Mtima wotero umachokera kwa Mulungu ndi kwa amayi amene anamulera, koma mphamvu yokoka munthu wamkulu wovala zida zake zonse imachokera m'mamawa ngati wa lero, umene munthu amadzuka akung'ung'udza.

Bwana mkulu, mundilole tsopano nditembenukire kwa inu a nyota, ndipo musandilande mpando, pakuti walira mvula walira matope. Lamulo limene limanga msilikali kuti afike limanganso amene walamula. Mukaika PT kutali ndi kampu, galimoto yonyamula anthu ikhalepo, kapena gulu linyamukire pamodzi pachipata, pakuti si chilungamo kuti mnyamata wa malipiro ochepa adule ndalama ya ndiwo za ana ake kulipira kabaza pofuna kumvera inu. Uthenga ufike nthawi ikadalipo. Madzi akumwa atsogole, wachipatala ndi galimoto yake atsate m'mbuyo, ndipo poyenda mumsewu wa Blantyre, umene minibasi zake sizidziwa nyota ya munthu, kutsogolo ndi kumbuyo kwa mzere kukhale oimitsa magalimoto ovala zowala. Dzuwa la Okutobala lisayesedwe masana, pakuti limagwetsa ndi amphamvu omwe. Ndipo mwana akathyoka mwendo kuphiri kumene inu munamutuma, ameneyo wavulala pa ntchito, alembedwe motero tsiku lomwelo, kuti pa ukalamba wake asadzayende m'maofesi ndi ndodo kufunafuna mboni zimene zinamwalira.

Kwa inu ana anga a mayunifolomu, kunja kuno n'kwa eni. Mafumu awa adziwitsidwe musanadutse m'midzi yawo, monga mwachitira ulendo uno, ndipo pa ichi ndikuyamikani. Mzere wa chimanga si njira, nzimbe ya m'dimba ili ndi mwini wake, ndipo mtsikana amene ali pamjigo wadzatunga madzi basi. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Ndi nyimbo zanu zija zothamangira, zimene ine ndimazidziwa mawu ake onse, ndipo zina ndinathandiza kupeka, Mulungu andikhululukire, mukayandikira sukulu, tchalitchi kapena mzikiti, sankhani zimene agogo anu angamve osatseka makutu. Mukuseka, koma aphunzitsi aakulu awa ndi amene amavutika Lolemba ana akayamba kuziimba pamzere.

Inunso a kumudzi, oyendetsa magalimoto ndi anyamata a kabaza, mukaona mzere wa asilikali mumsewu, dekhani pang'ono, musaulowe pakati. Mphindi zimene mwatayazo n'zochepa poyerekeza ndi tsiku limene mudzawafune madzi atafika m'khosi. Ndipo popeza mwationetsa kuti bwalo ili likhoza kulandira Red Lions itabwera kudzasewera ndi anyamata a pano, ndipempha Bwana mkulu ndi olemekezeka aphungu kuti mapolo a zigoli awa, amene chiswe chawadya kufikira aima ndi chisomo chokha, asaonenso mvula ina. Timu ya Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, ndipo ndani adziwa ngati wodzamwetsa zigoli wa mawa sali mumtengo wa mango uja.

Ndaona amayi akundiyang'ana, ndipo nsima ikazizira mlandu udzakhala wanga. Opambana abwere alandire mphoto zawo, ndi womaliza yemwe abwere ndimugwire chanza, pakuti wafika ndi miyendo yake. Ndipo inu a Sajeni Meja, galimoto zisananyamuke muwawerenge kawiri, pakuti pobwera paja ndaona ngolo ya ng'ombe itaima kuseri kwa sukulu.