Mawu a Mlembi pa Nkhani ya Patani Yosokera Zidole za Ana

 Tithokoze a Pampando potipatsa danga lakuti tilankhulepo pa tsiku lalikulu ili la chikondwerero cha gulu lathu. Pa ntchito zamanja zimene timagwira, monga kuluka, kupeta ndi kuphika, ife tapemphedwa kunenapo za imodzi yokha, ndiyo kusoka zidole za nsalu. Ndipo pa kusokako sitinena zonse ayi. Tinena za patani, ndiye kuti mapepala aja odulidwa amene timayala pansalu tisanaike sizasi.

Kapena ena anganene kuti nkhani ya zidole ndi yochepa pa tsiku ngati lino. Koma taganizani kumene chidole chimapita chikachoka m'manja mwathu. Diresi limavalidwa ndi munthu wamkulu, amene akaona batani likugwedera amadziwa chochita. Chidole chimapita kwa mwana amene adzachikoka mwendo, kuchiluma khutu, kuchikwekweza m'dothi ndi kuchibereka kumsana monga tinkachitira ife ndi chitsononkho pa masanje. Tsono nonse mukuchidziwa chikombole choumbira njerwa. Chikombole chikakhota, njerwa za uvuni wonse zimakhota, ngakhale woumbayo akhale waluso chotani. Patani ndiyo chikombole cha chidole. Amayi makumi awiri akasoka potsata patani yolakwika, ndiye kuti nsalu ya gulu yatayika kamakumi awiri. Chifukwa chake mawu athu lero ndi amodzi: patani iyambe yayesedwa isanagawidwe kwa amayi.

Ntchito imeneyi sinayambe ndi ife. Ku Germany, m'tauni ya Giengen, kunali mayi wina dzina lake Margarete Steiff, amene anabadwa m'chaka cha 1847. Ali wamng'ono anadwala poliyo, kotero kuti moyo wake wonse ankayenda pa chikuku, ndipo dzanja lake lamanja linali lofooka. Komabe anaphunzira kusoka nakhala telala. M'chaka cha 1880 anasoka kanjovu ka nsalu yochindikala yaubweya, potsata patani imene anaipeza m'magazini ya zovala. Kanjovuko kanali kobayapo mapini, koma ana atakaona anayamba kusewera nako, ndipo malonda a zidole anayambira pomwepo. Pambuyo pake mwana wa mlongo wake, Richard Steiff, ankapita kumalo osungirako nyama ku Stuttgart kukajambula nyama zamoyo. M'chaka cha 1902 iye anakonza chidole cha chimbalangondo chopinda manja ndi miyendo, ndipo mu 1903 chinaonetsedwa pa chionetsero cha malonda ku Leipzig. Kampani ya banja limenelo ilipo mpaka lero.

Pamenepa tikuphunzirapo chinthu choyamba. Mnyamata uja anayamba waona nyama yeniyeni asanajambule. Ife zimbalangondo tilibe, koma nkhuku, mbuzi, galu ndi kalulu tili nazo pakhomo. Khalani pansi muiyang'ane nkhuku cham'mbali, muone pamene khosi latulukira ndi pamene mchira wakwerera. Kenaka jambulani pa pepala la timabokosi la m'kope la masamu, pakuti timabokosito timathandiza kuti mbali zilingane.

Pojambula kumbukirani kuti pepala ndi lafulati, koma chidole ndi chobulungira. Nsalu ikadzazidwa thonje imatupa, ndipo potupapo imachepa m'lifupi. Mwendo umene pansalu uli masentimita 6 kuchokera pa msoko kufika pa msoko unzake, ukadzazidwa umaoneka wa masentimita 4 okha. Choncho miyendo, manja ndi khosi zijambulidwe zonenepa kuposa mmene mukuzifunira. Khosi lowonda silisenza mutu, umangozyolika. Mwendo wowonda kwambiri sutheka kuutembenuza mukatha kusoka. Ukhale woti zala ziwiri zilowemo.

Chidole cha zidutswa ziwiri zokha, chakumanja ndi chakumanzere, chimatuluka chophwatalala ndipo sichiima. Kuti nkhuku ikhazikike pamafunika chidutswa chachitatu cha kumimba, chosongoka uku ndi uku ngati tsamba la mango, choyambira pakhosi kukafika kumchira. Pa nyama ya miyendo inayi, chidutswa cha kumimbacho ndicho chimanyamula mkati mwa miyendo, ndipo pamene mwendo wakumana ndi mimba pamafunika kupinda pang'ono ndi kusoka, apo ayi miyendo imatayana, mbuzi n'kugwa chamimba.

Pa chidutswa chilichonse cha pepala pakhale mizere iwiri, wina wosokapo ndi wina wodulapo, yotalikirana theka la sentimita kapena kupitirirapo pang'ono. Mulembepo dzina la chidutswacho ndi kuchuluka kwake, monga "khutu, dulani zinayi". Mujambulenso muvi wosonyeza kutalika kwa nsalu. Tengani chitenje muchikoke: m'litali sichitamuka, mopingasa chimatamuka pang'ono, koma mukachikoka kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya inzake chimatamuka kwambiri. Mbali imodzi ikadulidwa motsata muvi ndipo inzake mopendeketsa, chidole chimapotoka mukachidzaza. Podula mbali ziwirizo pindani nsalu, nkhope yabwino iyang'anizane ndi nkhope yabwino. Mukapanda kutero mudzapeza mbali ziwiri zakumanzere zokhazokha. Potsiriza sonyezani polowetsera thonje. Pakhale pamalo owongoka, kumimba kapena kumsana, potalika ngati zala zinayi.

Patani ikatha kujambulidwa, isathamangire ku nsalu yogula. Ili ndi mayeso atatu oti ikhoze.

Mayeso oyamba ndi a mwini wake wojambula. Sokani chidole chimodzi pa nsalu yotha ntchito, monga shiti yakale kapena malaya a pa kaunjika, koma ikhale ya mtundu umodzi ndi nsalu imene mudzasokere chenicheni. Musayesere pa sikipa pamene mudzasokera chitenje, chifukwa sikipa imatamuka ndipo idzakunamizani. Osoka pamanja asoke mobwerera m'mbuyo ndi ulusi wophatikiza, osoka pa makina achepetse mitunda ya singano. Musanatembenuze, chekani timano ting'onoting'ono m'mphepete mwa msoko pamalo onse okhota, osafika pa ulusi, kuti nsalu isachite makwinya. Podzaza yambani kunsonga za miyendo ndi kumutu, thonje pang'onopang'ono, mukukankha ndi mpini wa mthiko. Mukatha chiimikeni patebulo, mubwerere m'mbuyo, muchiyang'ane kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Polakwika lembanipo ndi cholembera pa chidole pomwepo, ndipo mukonze pepala tsiku lomwelo musanaiwale. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha khosi, mimba ndi miyendo nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chakonza ndi chimene chaononga. Si zachilendo kusoka katatu kapena kanayi patani isanakhale bwino, ndipo si ulesi kapena kulephera ayi. M'mera mpoyamba.

Mayeso achiwiri ndi a manja a mnzako, ndipo ndi amene ambiri amawadumpha. Wojambula patani amadziwa zambiri zimene sanalembe papepala, pakuti zili m'mutu mwake, ndipo manja ake amakonza zolakwika iye mwini osazindikira. Tsono perekani patani kwa amayi awiri kapena atatu. Wina akhale wozolowera makina, wina akhale wongoyamba kumene kugwira singano. Akasokere kunyumba kwawo, inu kulibe. Funso lililonse limene adzabwere nalo likusonyeza pamene patani ili ndi chibowo. Wina akati, "Khutu ili lilowa pati?" musangomuyankha pakamwa, koma kaikeni chizindikiro papepala, kuti amene adzabwere pambuyo asadzafunsenso. Ndipo popeza si tonse timawerenga msanga, zizindikiro zimaposa mawu ambiri: nyenyezi ikumane ndi nyenyezi, mtanda ukumane ndi mtanda. Muwafunsenso kuti nsalu yalowa yochuluka bwanji, thonje lalowa lotani, ndipo atenga maola angati.

Apa tipemphe zinthu ziwiri. Inu amene mwapatsidwa patani kuti muyese, nenani zoona. Ulemu wakuti "zili bwino, amayi" pamene mwavutika usiku wonse ndi khosi la nkhuku suthandiza gulu. Musakonzenso mwakachetechete n'kubweretsa chidole chokongola, chifukwa cholakwacho chidzatsalabe papepala kudikira mnzanu. Ndipo inu amene munajambula, musakwiye patani yanu ikadzudzulidwa. Akudzudzula pepala, osati inu. Safunsa anadya phula. Zidole za amayi atatuwo zikaikidwa pamodzi n'kufanana ngati ana a mimba imodzi, pamenepo patani yakhoza mayeso achiwiri.

Mayeso achitatu ndiwo aakulu koposa, pakuti akhudza moyo wa mwana. Mwana wosafika zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, ndipo njira yake yopumira ndi yaing'ono. Ku America lamulo limati kanthu kalikonse kolowa konse m'kachitini koyesera, kamene pakamwa pake ndi masentimita 3 ndi pang'ono, sikaloledwa pa chidole cha mwana wa msinkhu umenewu. Ku Ulaya ali ndi malamulo a zidole otchedwa EN 71, ndipo diso la chidole amalikoka ndi mphamvu yonga kulemera kwa makilogalamu 9, ndiko kulemera kwa malita 9 a madzi. Kodi batani losokedwa ndi singano yathu lingapirire ndowa yotere? Ife makina oyesera tilibe, choncho njira yathu ndi yapafupi: maso, mphuno ndi pakamwa tizipeta ndi ulusi. Mabatani ndi mikanda ayi. Waya wolimbitsira makutu kapena mchira ayi. Zingwe zazitali ndi maliboni olendewera ayi, chifukwa zingakulunge khosi la mwana. Zimenezi zilembedwe pa patani penipeni, kuti wosoka asaganize yekha zokongoletsa ndi mikanda. Ndiponso werengani mapini poyamba ntchito ndi pomaliza.

Zodzazira zikhale zaukhondo: thonje lochotsa njere, zidutswa za nsalu zochapa ndi zodula bwino, kapena thonje la m'sitolo lodzazira mapilo. Nyemba, mpunga, mchenga ndi utuchi zisalowe m'chidole. Mbewu zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, ndipo msoko ukaphulika zimathera m'mphuno mwa mwana. Chidole choyesera muchizunze monga angachitire mwana. Kokani khutu, mwendo ndi mchira ndi mphamvu zanu zonse. Pitani ndi chala m'misoko yonse kufuna pobooka, makamaka paja munatsekera thonje. Chipukuteni ndi kansalu koyera konyowa muone ngati utoto ukuchoka, pakuti utoto wotsala pa kansaluko ndi umene ukanatsala m'kamwa mwa mwana. Kenaka chichapeni ndi sopo, muchiyanike padzuwa, muone ngati chauma mpaka mkati ndiponso ngati thonje silinaundane. Nsalu yatsopano ichapidwe isanadulidwe, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba. Ndipo pogulitsa tiziwauza makolo kuti khanda losakwana chaka lisagone ndi chidole cha nsalu pafupi ndi nkhope, pakuti chingalitseke mpweya.

Pali nkhani ina imene ikhudza amayi a Msungichuma. Kawirikawiri wogula amati, "Mundisokere chonga ichi, koma chachikulu kawiri." Wosadziwa amangowirikiza mtengo kawiri. Koma chidole chikakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi m'mimba, nsalu imalowa kanayi ndipo thonje limalowa kasanu ndi katatu. Tikapanda kuwerengera zimenezi tidzagwira ntchito yothandiza ena, thumba la gulu likuphwa. Pokuza patani jambulani timabokosi tokulirapo papepala lina, mukopere mzere bokosi ndi bokosi, koma malire a msoko asakule nawo. Ndipo patani yokuzidwa kapena yochepetsedwa ndi patani yatsopano, iyesedwenso.

Patani ikakhoza mayeso onse atatu, ikoperedwe pa katoni yolimba, chifukwa pepala limadyeka m'mphepete likamagwiritsidwa ntchito, ndipo chidole chimanka chichepa. Zidutswa zonse zikhale mu envulopu imodzi yolembedwa dzina la chidole, tsiku ndi chiwerengero cha zidutswa. Patani yoyambayo isungidwe m'bokosi la gulu, amayi azibwereka zokopera. Masiku ano ambiri timatumizirana zithunzi pa foni, koma chithunzi sichisunga msinkhu, ndipo nayo fotokope nthawi zina imachepetsa. Choncho papepala lililonse jambulanipo bokosi la masentimita 5 mbali zonse, kuti wolandira ayeze ndi tepi asanadule.

Amayi anzathu, zimene tanenazi zimafuna nthawi, ndipo tikudziwa kuti kunyumba kuli ana, kuli munda, kuli moto wodikira. Koma zidole zimene timasoka zimapita kwa adzukulu athu, kwa ana a ku sukulu za mkaka, kwa ana ogona m'zipatala, ndi kwa ana a anthu amene sitidzawaona nkhope. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pempho lathu ndi lakuti kuyambira chaka chino, patani iliyonse yolowa m'bokosi la gulu ikhale itasokedwa ndi mwini wake, itasokedwanso ndi amayi ena awiri, ndipo chidole chake chitakokedwa ndi kuchapidwa pamaso pa komiti. Amene ali okonzeka kukhala oyesa, achikulire ndi achitsikana omwe, alembetse maina kwa Mlembi tikatha mwambo uno.