Mau a Machona a M'mapulazi a Concession



Ashona ali ndi mwambi wakuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Anthu a m'makomboni a ku Concession, m'boma la Mazowe, akhala akulira zaka zambiri, koma m'chinenero chimene eni ulamuliro sanali kuchimva.

Makolo ao anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata pofuna ndalama ya msonkho. Ena anadza wapansi, ena pa malole a Ulere, ena m'dzanja la Mthandizi. Pa pulazi, mzungu ndi kapitao anali kuwalankhula m'Chilapalapa, chinenero cholamulira ntchito basi. Munthu akhoza kutumidwa nacho kumunda wa fodya, koma sangathe kudandaula nacho kapena kulira nacho maliro a mwana wake.

Chifukwa chake kudza kwa Mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury m'chaka cha 1912, kudzatumikira anthu a ku Nyasaland, kunali kwa mtengo wapatali. Buku Lopatulika litatuluka m'chaka cha 1922, mtchona anamva Mau m'chinenero cha amake. Mwamuna amene sabata yonse anali kuitanidwa ngati kamnyamata, pa Sabata anali kuimirira ngati mkulu wa mpingo, naweruza milandu, nalembera anzake makalata opita kwao. Pa maziko amenewa inabadwa Sinodi ya Salisbury m'chaka cha 1965, imene lero itchedwa Sinodi ya Harare.

Mayesero aakulu anafika m'chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa. Antchito ambiri anataya ntchito ndi nyumba zomwe, ndipo analibe mudzi wothaŵirako, pakuti komboni ndiyo inali kwao. Lamulo la 2001 linafuna kuti munthu akane unzika wa dziko la makolo ake, ndipo ambiri obadwira m'Zimbabwe anaŵerengedwa alendo, nataya mwai wa kuvota. Pa zokambirana za nthaka, mau ao sanamveke kwenikweni.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anasintha zinthu ziŵiri. Chicheŵa chinaikidwa pakati pa zinenero 16 zovomerezedwa ndi boma. Ndiponso munthu wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lake linali mbadwa ya dziko la SADC, ndipo anali kukhala m'dzikomo pa nthaŵiyo, anaŵerengedwa nzika. Koma lamulo lolembedwa silimthandiza gogo amene alibe chikalata cha kubadwa, ndipo sadziŵa kufotokoza nkhani yake kwa kalaliki.

Tsono Sinodi ili ndi ntchito zitatu. Yoyamba, mpingo uliwonse usankhe anthu odziŵa Chicheŵa, Chishona ndi Chingerezi, operekeza okalamba kukatenga zitupa. Wotanthauzira anene zimene mwini nkhani wanena, asamlankhulire. Yachiŵiri, mbiri za okalamba zilembedwe m'mau ao omwe asanatsikire kumanda. Yachitatu, adzukulu amene Chishona chaŵaloŵa m'magazi asanyozedwe. Apembedze m'chinenero chimene achimva, koma aphunzitsidwenso cha agogo ao, kuti nyumba imodzi isasoŵe pomvana.

Pa tsiku la Pentekoste alendo a ku Yerusalemu sanauzidwe kuyamba aphunzira chinenero cha eni mudzi. Yense anamva m'chinenero chake. Nthumwi zibwerere ku mipingo yao ndi funso ili: kodi m'komboni ya kwanu, ndani amene sanamvedwebe?